Majombo a ku Joni

Ndikukumbukira chitseko cha mlombwa chimene chinkagona kuseri kwa nyumba yathu, cha ku Ligowe. Chinatsala nyumba yakale itagwa ndi mvula, ndiye amayi anachigoneka pa miyala inayi kuti aziyanikapo ufa ndi mfutso. Ufa ukauma, chitsekocho chinkasanduka mpando wa abambo. Ankakhala kumapeto kwake, atatsamira mtengo wa manachesi, maso ali kumapiri, tsiku lonse osanena kanthu.

Abambo anabwera kuchokera ku Joni ine ndili sitandade folo. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, chikhothi chonunkha mankhwala a njenjete, bulangeti la amayi, ndi majombo a labala ofika m'mawondo. Koma makutu anawasiya kumgodi. Makina obowola miyala anawagonthetsa, moti kuti amve unkachita kukuwa ngati ukuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Mwezi woyamba anthu ankabwera kudzawalonjera. Ankakuwa, abambo n'kumayankha zina, ana n'kumasekera kuseri kwa nkhokwe. Kenako anthu anatopa, iwonso anatopa. Munthu amene amayi ankati kale ndiye ankatsogolera ingoma m'mudzi mwathu anangokhala wa pachitseko. Ine ndinkawaopa, ndisaname. Sindinkadziwa kuti munthu wosamva umacheza naye bwanji.

Chaka chotsatira, kusukulu anandisankha m'gulu la atsikana okavina chimtali ku Boma pa chikondwerero cha ufulu. Musandifunse kuti anandisankhiranji. Mwina ndi mawu, poti pakamwa ndiye ndinali napo, koma mapazi ayi ndithu. Aphunzitsi athu, Mayi Nyirenda, anali ochokera kumpoto, aatali, olankhula mosathamanga, ndipo ankakonda kunena kuti anzanga akuvina koma ine Esinati ndikusinja. Chimtali chimafuna chiuno chofewa ndi phazi lopepuka, pomwe ine ndikaponda fumbi linkachita kudzuka. Anandichenjeza kuti ndikapanda kusintha, malo anga atenga wina.

Ndiye ndinayamba kuyeserera kunyumba. Inali nyengo ya chiperoni, pabwalo pali poterera, choncho ndinakwera pachitseko chija. Abambo anali kumapeto kwina, koma ndinati m'mtima, aa, samva awa, sindiwasokoneza. Ndinaponda, n'kupondanso, ndikuimbira pansipansi. Mwadzidzidzi ndinamva chitseko chikundiyankha kumapazi. Ndinaima. Abambo anali atayala chikhatho pathabwa, ndipo anali atabwereza ndendende zimene ndinaponda, n'kuwonjezerapo kamodzi. Ndinaponda kawiri, iwo anagogoda katatu. Ndinafulumiza, nawo anafulumiza. Zimene makutu ankakana, thabwa linkawafikitsira m'thupi. Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti abambo anali ndi mpata m'mano, chifukwa ndinali ndisanawaonepo akuseka.

Analowa m'nyumba n'kutuluka atavala majombo aja. Abale inu! Anakwera pachitseko, anawerama pang'ono, n'kuyamba kuponda uku akumenya majombo ndi manja, kutsogolo, kumbali, kuchidendene, thabwa likulira ngati ng'oma zitatu. Amayi anatuluka ndi mpeni wosendera mbatatesi ali nawo m'manja. Anati, "Abambo ake Esinati, muthyola chitseko," koma ankadziwa kuti samva, ndipo sanachoke pamenepo mpaka mbatatesi zinada m'mbale.

Kuyambira pamenepo abambo anayamba kulankhula, mokweza monga amachitira anthu osamva. Anandiuza kuti pansi pamgodi pankakhala madzi, n'chifukwa chake ankawapatsa majombo. Akapitawo sankafuna macheza pa ntchito, komanso ungacheze bwanji ndi munthu, wina Mzulu, wina Mshangani, wina Msutu, iwe Mnyasa? Ndiye anthu ankalankhulana pomenya majombo. Lamlungu kukomboni zomwezo zinkasanduka gule, aliyense n'kuponyamo zakwawo. Ankandionetsa: uku kukweza mwendo ndi kwa Azulu, abale ake a ingoma yathu, uku n'kunyogodola asilikali pa pelete, monga amachitira a beni, uku ndi kayendedwe ka bwana wa chimimba akamabwera kudzaona ntchito. Panalinso kamodzi kakang'ono, kosavinira. Umamenya kawiri, n'kudikira, n'kumenya kamodzi. Anati nyali zikazima pansi ndiye unali moni wake, kutanthauza kuti ine ndilipo, iwe ulipo?

Ndinaphunzira zonsezo. Majombo ankandifika m'ntchafu, ndiye tinkaikamo sanza kuti asavuke. Chimtali chinkandikanabe, koma gule wa majombo anandilowa ngati ndinabadwa naye. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga osaima ngakhale pa mtengo wa masuku. Amayi ankandichenjeza kuti ameneyu ndi gule wa amuna, athere kuseri kwa nyumba konkuno, chifukwa ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ine ndinkangoti chabwino amayi, mutu uli kumajombo.

Kutatsala masiku atatu kuti tipite ku Boma, kusukulu kunabwera Mayi Chapotera, atcheya a amayi a chipani m'dera lathu, kudzaona ngati takonzeka. Anabwera ndi anyamata awiri a chipani atasenza mtolo wa nsalu zotibwereka. Amene munakula nthawi imeneyo mukuidziwa nsalu ija, yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri. Nkhopeyo sunkaikhalira, sunkapukutirapo manja, ndipo pomanga unkaonetsetsa kuti yaima chilili. Inali nsalu ya anthu akuluakulu, ine ndinali kamfupi, choncho nditamanga, nkhope inatsika mpaka pamsongolo.

Ng'oma zinayamba, tinazungulira bwalo, ndipo poyamba ndinkayesetsa kupepuka. Koma woimba ng'oma tsiku limenelo anafuna kudzionetsa kwa alendo. Anakoleza, nyimbo inakoma, thupi langa linaiwala kumene lili. Ndinangoona mwendo wakwera, dzanja latsika, pha! pha! Kawiri konse, pankhope ya Mtsogoleri penipeni.

Ng'oma zinasiya. Mayi Chapotera anandikodola ndi chala, ndinapita n'kugwada. Sanakalipe ayi, analankhula motsitsa, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri.

"Iwe mwana, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinkadziwa kulemera kwa funso limenelo. Tonse tinkadziwa za bambo wina wa kutsidya amene anamukweza galimoto chifukwa cha mawu a pamowa, munda wake n'kumera tchire. Tinkadziwanso kuti anthu obwera kuchokera kunja ankawayang'ana ndi diso lina, ati amabwera ndi maganizo achilendo. M'maganizo ndinaona abambo atawaimika pamaso pa anthu ofunsa mafunso, iwo osamva, n'kumayankha zina monga ankachitira ndi alendo pakhomo. Kumeneko sakanawaseka ngati ana a kuseri kwa nkhokwe. Ndinanena kuti palibe wandiphunzitsa, linthumbu landiluma.

Mayi Chapotera anayang'ana pansi. Bwalo limenelo tinali titasesa tokha m'mawa, linali mbee, ngakhale kanyerere kamodzi kosochera panalibe. Mnyamata mmodzi wa chipani anayamba kuyandikira. Pamenepo ndinamva kumbuyo kwanga munthu akuti mayo! Anali Mayi Nyirenda. Munthu wamkulu, waulemu wake, anali akudumpha ndi mwendo umodzi uku akudzimenya pakakolo, akuuza ana kuti achoke msanga, linthumbu latulukira. Eee, chinali chipwirikiti. Atsikana anabalalika akudzikanda, ena akulira, ndipo mpaka lero alipo mnzanga wina amene amalumbira kuti linamuluma zenizeni. Mayi Chapotera nawo anabwerera m'mbuyo akukutumula nsalu yawo. Anyamata aja anawatuma kukapala phulusa lamoto kunyumba za aphunzitsi, n'kuwaza bwalo lonse kuthamangitsa linthumbu limene kunalibe.

Koma Mayi Chapotera sanali opusa. Fumbi litakhazikika anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandivula nsalu ija n'kuipinda bwinobwino. Anati mwana wolephera kupirira nyerere sangakaimire dera lathu ku Boma. Nkhani inathera pomwepo. Kaya anakhulupirira, kaya anangosankha kukhulupirira, sindinadziwe mpaka anamwalira. Anthu atabalalika, Mayi Nyirenda anandikokera kuseri kwa kalasi n'kundipotokola khutu mpaka misozi.

"Amalume anga nawonso anapita ku Joni," anatero. "Ukawauze akunyumba kuti majombo amenewo asaonekenso."

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zonse. Vuto linali lakuti abambo awauza bwanji, popeza nkhani yotere sunkakuwa, ndipo iwo popanda kukuwa sankamva. Amayi anawalowetsa m'nyumba, anatseka chitseko, n'kuchita kuwasewerera ndi manja. Anajambula nkhope pansalu yawo ndi chala, anaimenya, analoza ine, kenako anapingasa manja ngati munthu womangidwa n'kuloza iwo. Abambo anangogwedeza mutu.

M'mawa mwake ndinawapeza pachitseko ndi mpeni, akudula majombo. Ankadula mosamala, ngati akusenda chikopa cha mbuzi. Zidutswa zina anakhomera chitseko cha khola kuti chizitseguka bwino, zina anamatira ndowa yodontha, zotsala anakwirira kudzala. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira ulendo wa ku Boma. Zinandiwawa chifukwa ndinkadziwa kuti ndine ndawaphera gule wawo, chinthu chimodzi chokha chabwino chimene anabwera nacho kuchokera kumgodi kuja. Ndinkaopanso kuti abwerera kukhala chete, ine n'kuyambiranso kuwazemba.

Tsiku limene anzanga anakwera lole ya ku Boma akuimba, ine ndinakakhala kumapeto kwa chitseko, nditawafulatira abambo chifukwa cha manyazi. Kenako ndinamva thabwa likunjenjemera pansi panga. Kawiri, kudikira, kamodzi. Ndinapukuta mamina, n'kuyankha. Gule wamkulu uja sitinavinenso, koma kameneka kanatsala. Ndikamapita kusukulu, ndikamabwera kumunda, ngakhale tsiku limene ndinkapita kubanja, ndinkadutsa pachitseko n'kugogoda. Chifuwa cha kumgodi chitawagoneka, ndinkagogoda pa mwendo wa bedi, iwo n'kuyankha ndi chala, mpaka tsiku limene sanayankhe.

Masiku ano zinthu zinasintha mpaka nthawi zina ndimaseka ndekha. Nsalu za nkhope zilipo zamitundumitundu, anthu amaberekera ana, amatchingira bafa, wina amayala pansi n'kukhalira nkhope ya munthu amene anamuvotera yekha. Mwezi wathawu ndinali kwa mwana wanga ku Lisungwi, ndipo mdzukulu wanga Tadala anandionetsa magule pafoni. Kunali anthu a ku Amereka ovala nsapato zokhomedwa tizitsulo kunsi, akugogoda pathabwa mwaliwiro ngati matalala padenga la malata. Tadala anati gule ameneyo anayamba anthu a mitundu yosiyana atakumana kudziko lachilendo, aliyense n'kuponyamo kapondedwe kakwawo. Ndinati m'mtima, eti, ndi nkhani ya kukomboni yomwe ija. Kenako anandionetsa ana asukulu a ku Joni atavala majombo, atsikana ali momwemo, akukweza miyendo pamaso pa akuluakulu, anthu n'kumawaombera m'manja.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinadzuka pakhonde pamene tinakhala, mawondo akulira, n'kumenya kavinidwe ka Azulu kaja ndi ka bwana wa chimimba, pamiyendo yopanda majombo. Mpweya unandithera msanga. Tadala anangoti kukamwa yasa, foni ili m'manja.

"Agogo, anakuphunzitsani ndani zimenezi?"

Mukhulupirire, ndinayamba ndacheuka kuona ngati pali wina akumva. Zaka zonsezi, thupi likadakumbukabe. Panalibe aliyense koma nkhuku ndi mnyamata wodutsa pa njinga. Ndiye ndinayankha funso limene ndinalithawa nditagwada pabwalo la sukulu, ndipo ndinayankha mokweza, monga tinkalankhulira nawo kuti amve.

"Abambo anga. Anandiphunzitsa ndi abambo anga."