Makina Athu ndi Chitseko cha Amalume

Chaka chachitatu cha maphunziro a uinjiniya, aphunzitsi anatigawa anayi anayi kuti gulu lililonse lipange makina othandiza anthu. Anati injiniya sagwira ntchito yekha, mutu umodzi susenza denga, ndipo tikasemphana maganizo tizivota. Kuvotako ndi kumene kunandipweteka ine.

Tcheya wa gulu lathu anali mtsikana wa ku Chilomoni, wolongolola koma wanzeru. Panalinso mnyamata wa ku Bangwe wodziwa kuwotcherera zitsulo, ndi wina wa ku Machinjiri amene ntchito yake inali kufika mochedwa n'kunena kuti, "Aise, zili bho." Wachinayi ndinali ine, wokhala kwa amalume ku Zingwangwa. Amalumewo anandilandira ndi lamulo limodzi: ndikadzangowononga kanthu pakhomo pawo, ndidzanyamule chikwama changa. Kwina kopita ndinalibe mu Blantyre yense.

Tinagwirizana zopanga makina otonola chimanga, opalasa ngati njinga. Kusukulu malo ogwirira ntchito anali odzaza, ndiye anzanga atamva kuti amalume apita kumudzi ku Mulanje kukaona munda, maso awo anawala. Ndinati tipangire panja. Wa ku Bangwe anati ogula zitsulo zakutha adzatibera zitsulo zathu dzuwa likuswa mtengo. Tinavota. Masofa tinakawaunjika kuchipinda, pabalaza n'kusanduka galaja.

Koma abale, tinagwira ntchito! Tinawerengera mano a giya, kukoka kwa tcheni, ngakhale kutalika kwa miyendo ya wopalasa. Makinawo anakula tsiku ndi tsiku, chitsulo pa chitsulo, mpaka anatonoladi chimanga. Njere zina zinkathamangira kudenga, koma tcheya anati zimenezo tisakalembe mu lipoti.

M'mawa wa tsiku lokaonetsa kwa aphunzitsi, tinawanyamula kuti tituluke nawo. Gwa! Anakana pakhomo. Tinayesa chammbali, anakana. Tinawatembenuza miyendo m'mwamba, anakanabe. Mainjiniya anayi athunthu, aliyense ndi tepi m'thumba, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayezapo khomo. Tinati tidule mwendo umodzi tikawotchererenso panja, koma magetsi anali atathima.

"Felemu ya chitsekoyi ikhoza kuchoka," anatero wa ku Bangwe, akuigogoda ndi chala.

"Ichoke ndi ndani? Nyumba ino si ya bambo ako!" ndinakalipa.

"Tivote," anatero tcheya.

Ndinawachonderera, ndinawakumbutsa za chikwama changa, mpaka ndinatchula dzina la Mulungu. Manja anakwera basi. Wa ku Machinjiri anakweza awiri onse, munthu woti sanamangepo ndi bawuti imodzi yomwe. Ndinapsa mtima mpaka misozi inalengeza, koma ndine ndemwe ndinakabwereka hamala kwa aneba, chifukwa nanenso sindinkafuna kubwereza chaka.

Felemu inachoka pamodzi ndi njerwa zake. Makina anatuluka ngati mkwatibwi, ana a m'dera akuimba m'manja. Kusukulu aphunzitsi anapalasa okha, nasangalala, n'kuuza kalasi yonse kuti itengere chitsanzo pa mgwirizano wathu. Anzanga analonjeza kuti tibwerera limodzi kukakonza khomo. Titafika pa siteji, aliyense anakumbukira kuti kwawo akumufuna msanga, ndipo ndinawaona akulowa m'maminibasi osiyanasiyana.

Ndinafika ndekha madzulo. Amalume anali atabwera. Anakhala pa mpando pakati pa chibowo chija, thumba la chinangwa lili pambali, nkhuku za aneba zikulowa ndi kutuluka momasuka. Ndinagwada pa zidutswa za njerwa.

"Malume, ndalakwa. Anzanga anavota."

"Anavota?" Anayang'ana chibowo, n'kuyang'ana ine. "Nanga makinawo anagwira ntchito, ainjiniya?"

"Anagwira, malume. Takhoza."

Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kupinda malaya anga.

"Mphwanga, ndikakuthamangitsa lero, akuba alowa osagogoda," anatero. "Katenge mphasa yako uyale apa. Mpaka udzamange khomoli, chitseko ndiwe."

Ndinakhala chitseko mpaka simenti inauma. Amalume akafuna kutuluka m'mawa ankandigogoda pamwendo, ine n'kutseguka.