Keke ya mandimu pa mpanda wa ku Chibavi

Tinali atatu, ndipo tinkaphika makeke Loweruka lililonse masana kunyumba kwa mnzathu namwino ku Chibavi. Sitinkagulitsa. Tinkadya tokha ndi tiyi, yotsala n'kugawana kukapatsa ana. Namwinoyo anali wa ku Dedza, boma linamutumiza ku Mzuzu kudzagwira ntchito kuchipatala. Wachiwiri anali mphunzitsi wa pulayimale, wobadwira ku Zolozolo, Mtumbuka wolankhula Chichewa chothamanga. Wachitatu ndinali ine, mtolankhani. Ntchito yanga pagulupo inali kuyeza ufa ndi kuyang'ana wotchi, chifukwa anzangawo ankati manja anga sadziwa kutakasa.

Uvuni tinalibe, ndipo magetsi ankazimazima. Njira yathu inali iyi: poto wamkulu pa mbaula, mchenga wofika zala zitatu pansi pa potoyo, chitini cha keke pamwamba pa mchenga, chivundikiro, kenako makala amoto pang'ono pamwamba pa chivundikirocho. Mazira anayi, makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya shuga, majarini, mandimu awiri ofinya. Mphindi makumi anayi ndi zisanu. Mphunzitsi ankaibaya ndi kamtengo ka tsache, kakatuluka kouma ndiye kuti yapsa.

Khitchini inali yaing'ono ndi yachinyezi. Keke ikazizirira m'menemo inkanyowa kunsi. Choncho tinkaiika panja, pa mpanda wa njerwa wa kuseri kwa nyumba, pomwe mphepo ya Mzuzu inkaiziziritsa msanga. Mpandawo unkalekeza m'chiuno. Mwininyumba anausiya pomwepo, njerwa n'kuzipititsa ku zipinda zomwe ankamanga pafupi kuti achititse lendi. Zinali zaka zomwe yunivesite inkakula, ophunzira akusaka pogona paliponse, ndipo aliyense wokhala ndi kamalo ankathira maziko. Kuseri kwa mpanda kunali kanjira ka anthu aganyu, osenza njerwa, mchenga ndi madzi. Ambiri anali achilendo, ochokera kumidzi. Nyengo yomweyo malata, simenti ndi mafelemu a zitseko zinkasowa m'nyumba zosatha kumangidwa, wakuba osagwidwa. Anthu anali ndi mkwiyo wosowa pouthira.

Tsikulo kunali kuzizira, mvula yowaza itangosiya. Keke yoyamba, ya mandimu, inali pa mpanda ikadali m'chitini. Tinali m'khitchini tikukonza yachiwiri.

"Asisi, shuga ameneyu ngwa keke kapena ngwa thobwa la pamaliro?" mphunzitsi anandifunsa.

"Kapu imodzi, monga mwa nthawi zonse."

"Kapu ya kwanu ndi ndowa. Yachuluka chomene."

Namwino ankaseka uku akutakasa ndi mthiko, maso ali pawindo. Kenako ndinaona nkhope yake ikusintha. Ndinasuzumira. Pa mpanda panali bambo wa zaka ngati makumi anayi, wowonda, wopanda nsapato, buluku lake litayera ndi simenti. Anakhudza chitini n'kubweza dzanja, chifukwa chinali chikutenthabe. Anachigwiranso ndi nsonga ya malaya, n'kuchinyamula.

"Wakuba! Wakuba uyo!" namwino anakuwa.

Pambuyo pake anatiuza kuti ankangofuna kuti bamboyo adzidzimuke, achisiye. Ndimamukhulupirira. Pokuwapo kumaso kwake kunali kusekabe. Koma windo linali lotsekula, ndipo mawu ake anali amphamvu, ozolowera kuitana odwala pamzere.

Bamboyo akanaponya chitini n'kuima, mwina akanangolandira mbama ziwiri. Anathawa nacho.

Amisiri a pa zipinda zija anatsika pa matabwa omwe anakwerapo. Amayi omwe anali pa mpopi wa madzi anakuwa m'Chitumbuka, "Munkhungu! Munkhungu!" kutanthauza wakuba. Akabaza a njinga zamoto omwe ankadikira anthu pamphambano anasiya njinga zawo. Ife tinatuluka tikuthamanga, mphunzitsi patsogolo, ine pambuyo pake. Tsiku lina ndinayeza mtundawo ndi mapazi: kuchokera pa mpanda kufika pomwe anamugwirira ndi mapazi mazana awiri ndi khumi.

Wakabaza wina anamutchera mwendo. Bamboyo anagwa chafufumimba, chitini n'kugubuduzikira m'ngalande, keke n'kusweka m'matope. Palibe amene anaiyang'ana. Pomwe tinkafika anali atamuzinga anthu osachepera makumi atatu, ena akubwerabe.

Anayamba ndi mapazi, m'nthiti ndi m'mimba. Anadzipinda, manja ataphimba mutu. Mmisiri wina anabwera ndi thabwa lokhala ndi msomali kunsonga, n'kumamenya pa manjapo kuti achoke. Kachitatu ndinamva fupa likuthyoka, phokoso la nkhuni youma. Mkono unagwa. Mayi wina wovala bwino, chikwama chili paphewa, anatola theka la njerwa n'kumugenda nalo kumaso ali pafupi. Linamupeza pa diso lamanzere. Magazi anatsika mpaka m'khosi. Bamboyo sankakuwa. Ankangoti, "Adada, adada," motsitsa, nthawi iliyonse akamenyedwa.

"Waba chiyani?" wina anafunsa kumbuyo kwanga.

"Malata."

"Ayi, njinga yamoto."

"Ndi yemwe uja anatibera simenti, ndamuzindikira."

Nkhani zoterezi ndinali nditazilemba kangapo, koma pochokera m'mawu a apolisi, zitatha kale. Ndondomeko yake ndinkaidziwa: mapazi, miyala, kenako tayala. Nditacheuka ndinaona bambo wina akugubuduza tayala la galimoto kuchokera pamalo okonzera matayala. Wakabaza wina anali atagwada pa njinga yake akukhetsera petulo m'botolo la madzi akumwa. Polisi inali kutali. Ngakhale wina akanaimba foni, galimoto ikanapeza phulusa.

Mphunzitsi analowa pakati akukankha anthu ndi zigongono. "Mulekeni! Mulekeni, anthu inu!" Wina anamugwira pa bulauzi n'kumuponyera kunja kwa bwalolo. Anagwa ndi bondo, n'kudzukanso.

Ine ndinalibe mphamvu zokankha munthu. Ndinakwera pa mulu wa mchenga n'kukuwa bodza.

"Sanabe! Ndi keke! Ndamupatsa ndine keke imeneyo!"

Ndinabwereza kanayi asanandimve. Mmisiri wa thabwa uja anatembenuka, akupuma mwawefuwefu.

"Keke yanji, amayi?"

"Iyo ili m'matopeyo. Anandipempha, ndamupatsa."

Ena anayang'ana m'ngalande. Chitini chinali pomwepo, chowala, chopindika mbali imodzi.

"Ngati mwamupatsa, wathawiranji?"

"Inu mukanaima, anthu akukuthamangitsani ndi matabwa?"

"Nanga wakuwa ndani? Ife sitinalote. Wakuwa alipo."

Mayi wina wa pa mpopi analoza ndi chala. "Akuwa ndi anesi awo. Ndawamva ine ndi makutu angawa."

Namwino anali kumbuyo kwenikweni, epuloni ili m'chiuno, mthiko udakali m'manja. Anthu anapatuka, n'kumusiya poyera. Tayala linali litafika. Analiika pa chifuwa cha bamboyo, ndipo wakabaza anaima pambali ndi botolo lake.

"Anesi, nenani," anatero mmisiri uja. "Waba kapena sanabe?"

Namwino anali ataona bamboyo akunyamula chitini. Ankadziwa kuti ine sindinamupatse. Anali mayi wa Mvano yemwe sankanama ngakhale pa zaka zake. Ankadziwanso kuti akati analakwitsa, mkwiyo wonsewo utembenukira kwa iye, mlendo wa kuchigawo chapakati wokhala yekha ndi ana awiri m'nyumba ya lendi. Anayankha, koma mawu osamveka.

"Kwezani mawu, asisi!" mphunzitsi anakuwa. "Pawindo paja munali nawo!"

"Ndakuwa ndine," namwino anatero. "Sindinadziwe kuti mnzangayu wamupatsa. Sanabe. Ndalakwitsa ine."

Kenako mmisiri anaponya thabwa pansi, n'kuyenda mapazi atatu, n'kumuwomba mbama namwino. Mthiko unagwa. Mlomo wake unang'ambika.

"Mukufuna kutiphetsa munthu chifukwa cha chigumu? Mumatiyesa agalu anu, oti mungoti gwira?"

Mayi wa chikwama uja anamukoka tsitsi. "Achewa inu, mwano!" Wina anamuthira mchenga kumaso. Namwino sanadziteteze. Anangodutsa pakati pawo, n'kugwada pamutu pa bamboyo, n'kukankhira tayala kumbali. Anavula epuloni, n'kuipinda, n'kupanikiza pa bala la kumaso.

Wakabaza wa botolo sanakhutire. "Akunama awa, akumuikira kumbuyo. Ngati sanabe lero, anaba dzulo." Anathira petulo. Petulo wina anagwera pa malaya a bamboyo, wina pa mikono ndi pa siketi ya namwino. Fungo linadzaza ponse. Anthu anabwerera m'mbuyo. Ine ndinakhala pansi pa mchenga paja.

"Machesi! Ndani ali ndi machesi?"

Anatulutsa bokosi anali bambo wachikulire wa jekete lakuda. Mphunzitsi anamulumphira n'kugwira dzanja lake ndi manja onse awiri. Ankamudziwa. Ankaimba kwaya imodzi.

"Adada, ndinu? Mawa m'mawa muimba nyimbo iti? Yatsanitu, tione. Yatsani, ine ndikanene m'tchalitchi kuti nesi uja anaotchedwa ndi woimba besi wathu."

"Amama, ndisiyeni."

"Sindikusiyani. Ndiitana dzina lanu pano, ndi la akazi anu, ndi la mudzi wanu."

Wachikulireyo anayang'ana uku ndi uku. Anatsegula dzanja. Mphunzitsi analanda bokosilo n'kuliponda m'matope.

Gulu la anthu likaphwasuka silitsanzika. M'mphindi zisanu tinatsala ochepa. Mayi wa chikwama anakonza mpango wake n'kulowera kumsika. Akabaza anabwerera pamphambano, ndipo titawapempha kuti anyamule wovulalayo anakana, ati magazi aipitsa mpando. Mmisiri yemwe anathyola mkono uja ndi amene anabweretsa wilibala. Tinamukankha bamboyo mpaka kumsewu waukulu, miyendo ikulendewera, namwino akuyenda chowerama osachotsa dzanja pa balalo. Galimoto ya mchenga inaima n'kutitenga.

Kuchipatala anapeza nthiti zitatu zothyoka, mkono wamanja wothyoka pawiri, mano awiri ochoka, ndi matuza m'zala, a chitini chotentha chija. Za diso anati tidikire. Wapolisi anabwera madzulo n'kundifunsa zomwe ndinaona. Ndinabwereza bodza langa, n'kusaina. Nkhaniyi sindinailembe m'nyuzipepala. Omenyawo palibe amene anamangidwa, ndipo ena ndinkakumana nawo pamsika kwa zaka zambiri, tikupatsana moni.

Bamboyo anagonekedwa m'wodi momwe namwino ankagwira ntchito. Namwino akanatha kupempha kuti amusinthe wodi, koma sanatero. Ankamutsuka mabala m'mawa uliwonse, mlomo wake wotupa, osauza anzake chomwe chinachitika. Bamboyo sankamudziwa. Pamsewu paja sanaone nkhope ya munthu.

Lachitatu ndinapita kukamuona nthawi ya nkhomaliro. Pambali pa bedi panali mkazi wake, wamng'ono thupi, khanda lili kumsana, akumumwetsa phala ndi supuni. Ankakhala m'chipinda chimodzi ku Zolozolo, ndipo anali atafika mumzinda miyezi inayi yapitayo kutsatira ntchito za zomangamanga. Anandiuza kuti mwamuna wake anachoka m'mawa wa Loweruka lija osadya kanthu. Dokotala anali ataitanira mayiyo kunja m'mawa wa Lachitatulo n'kumuuza kuti diso lafa, achita kulichotsa. Mwamunayo anali asanauzidwe. Ankafunsafunsa kuti bandeji aichotsa liti.

Namwino anabwera ndi thireyi ya mankhwala. Mayiyo anaika supuni pansi n'kutikokera pakhomo la wodi.

"Akuti anakuwa ndi mzimayi," anatero, m'Chichewa cholemera ndi Chitumbuka. "Inu munalipo. Anali ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinamenso, koma namwino ananditsogolera.

"Ndine, amama."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zoyera. Khanda linalira, analigwedeza osachotsa maso.

"Ndinu?"

"Ndine."

"Yewo," anathokoza m'Chitumbuka, mopanda moyo. "Ndiye mukamuuze nokha za diso. Ine ndayesa katatu, ndalephera."

Namwino anandipatsa thireyi kuti ndigwire. Anapita pa bedi paja, n'kukoka katani kuzungulira, n'kukhala pansi. Ine ndi mayiyo tinaima panja, tikumva mawu ake okha, otsika, akuyamba ndi kumufunsa ngati akumva kupweteka.