Makwerero a Limberth

Ku Tarata kunalibe nyumba ya lamya imene a Nemesio Rocabado sanalowemo. Anagwira ntchito yokwera mizati ya mawaya mpaka maondo anakana. Atangopuma, ana a m'tauniyo anayamba kukhamukira ku Spain n'kumatumizira makolo awo makompyuta oti azichezerana polemberana. Makolowo anali anthu a khasu ndi a pamsika. Chinthucho chikangovuta ankaitana a Nemesio, iwo n'kutulukira pa njinga, chikwama cha zida chili kumsana.

Za m'mimba mwa kompyuta sankazidziwa, ndipo sankabisa. Chawo chinali khutu. Ankatsinzina n'kumvetsera kabokosi koyimbira intaneti kakuliza mluzu, kakukhosomola, mpaka kagwire. Kenaka ankafunsa ngati m'nyumbamo muli lamya ina, chifukwa waya ndi mmodzi: wina akanyamula lamya kuchipinda, macheza a pakompyuta amaduka pomwepo.

"Doña Rufina, kompyuta yanuyi ilibe mlandu," ankatero. "Wodwala ndi mwamuna wanu uyu, amene akaona lamya dzanja limamuyabwa."

Koma ya m'nyumba mwawo momwe inawakanika.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Limberth, anagwa pamwamba pa nyumba imene ankamanga ku Spain ndipo anamuika konko. Anasiya mkazi, Yovana, ndi kamtsikana, Noelia, kamene agogo ake anali asanakanyamulepo. Lamlungu lililonse akatha kudya masana, dzina la Yovana linkayaka pakompyuta. A Nemesio ankalemba ndi zala ziwiri, akazi awo a Eustaquia ali kumbuyo kuwauza zolemba. Mdzukuluyo ankamudziwira pamenepo basi.

Vuto linayamba chakumapeto kwa chaka chapitacho, mwa apo ndi apo, kenaka linakhazikika. Moni ankadutsa bwinobwino. Za mano a Noelia zinkadutsa. Koma Yovana akangolemba kuti, "Ababa, pali nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni," m'kabokosi muja munkamveka kuti kho, dzina lake n'kuzima.

A Nemesio anasintha nthambo ya kompyuta. Anapala dzimbiri pamalumikiziro onse. Anabwereka makwerero n'kukwera mzati wa panja ndi maondo awo omwewo, ndipo zonse anazipeza zili bwino. Anatsegula mawu a kabokosiko kuti azimva mpaka kumapeto, ndipo Lamlungu lotsatira anamva chimene khutu lawo linkachidziwa kale: munthu akunyamula lamya, n'kupuma kamodzi, pang'onopang'ono. Komatu m'nyumbamo anali awiri okha, onse ali pa kompyutapo.

Atayimbanso n'kugwira, anapeza Yovana atalemba kale. "Ngati simukufuna kundimva, ingonenani. Sabata iliyonse mumandidula pakamwa pamalo omwewo. Lamlungu likubwerali ndiyesa komaliza, mukandidulanso ndikusiyani mu mtendere."

Lamya ina inalipodi. Anaiika okha a Nemesio m'chipinda cha Limberth masiku amene mnyamatayo ankafunsira Yovana, atatopa ndi kumva zachikondi pabalaza. Chipindacho chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa a Eustaquia.

"Mayi a Limberth, kiyi uja."

"Mukafunamo chiyani? Muli fumbi lokhalokha."

"Fumbi lomwelo ndikufuna ndikalione."

Anawapatsa akuyang'ana kumbali. Chitseko chitatseguka, a Nemesio anaima pakhomo osalowa. Pakati pa chipinda panali tebulo la mizimu la chaka chatha, nsalu yake yakuda ikadali yoyalidwa, mikate youmbidwa ngati ana itauma gwa, kapu ya mowa wa chicha itaphwa mpaka pansi. Tebulo limenelo limayalidwa pa tsiku la Oyera Onse, mzimu n'kufika dzuwa lili paliwombo kudzadya. Mawa lake nthawi yomweyo amalitembenuza miyendo m'mwamba kuti mlendoyo adziwe kuti nthawi yakwana, akwere pa makwerero a buledi abwerere kwawo. Chaka chatha a Nemesio anatsogola kumanda, akazi awo atanena kuti atembenuza okha.

Makwerero a bulediwo patebulo panalibe. Anawapeza pansi pa pilo, atakulungidwa mu mpango. Fumbi linali paliponse, pabedi, pawindo, pa nsapato za mpira. Pa chogwirira cha lamya pokha panali mbee.

"Mwachita chiyani, mayi inu?"

"Mwana wanga anachokera kutali, tsidya la nyanja, wapansi kapena bwanji kaya," anatero a Eustaquia. "Ndiye tsiku limodzi lokha? Ndinkangofuna akhaleko pang'ono."

"Pang'ono! Chaka chathunthu mwana ali m'chipinda chokhoma, akumvetsera mkazi wake pa waya?"

"Musandikalipire ngati inu simunkadziwa. Ndimakuonani m'mawa mukamanyamula lamya ya pabalaza osayimbira munthu."

Zinali zoona. Kwa miyezi a Nemesio ankanyamula lamyayo n'kumvetsera kaphokoso kamene kanali pansi pa kulira kwake, konga mpweya wa munthu wogona. Ankadziuza kuti ndi chinyezi m'waya, chonsecho mvula inali isanagwe. Ankakakonda kaphokosoko. Ndipo nkhani ya Yovana ankaiganizira kale, chifukwa mkazi wa zaka zakezo akati pali nkhani, siikhala ya mano a mwana.

Loweruka linali la Oyera Onse. Anayala tebulo latsopano pabalaza, ndi mbale ya nkhuku ya tsabola imene Limberth ankaikonda. Belu la tchalitchi litalira masana, anadikira chizindikiro, kaya ntchentche itere pambale, kaya kamphepo kaweramitse kandulo. Kwa anansi kunkamveka anthu akulandira mizimu ya abale awo. Kwa a Rocabado lawi linaima njo, osagwedezeka, ndipo onse awiri anadziwa chifukwa chake. Munthu amene ali m'nyumba kale safika.

Lamlungu a Nemesio anatenga chodulira waya n'kuima pamene nthambo ya m'chipinda cha Limberth inkalowera m'khoma. Kungodula, kompyuta ikanachira. Koma anaganiza za mwana wawo akunyamula lamya yakufa m'chipinda muja chaka ndi chaka, ndipo anabweza chodulira m'chikwama.

Anatulutsa tebulo lakale lija n'kuliika pafupi ndi latsopano. Opempherera mizimu anabwera, anapemphera, anapatsidwa mikate ndi zipatso n'kupita. A Eustaquia anamasula mpango uja okha, natsamiritsa makwerero ouma aja pakhoma.

"Tamva, iwe mwana," anatero a Nemesio, akuyang'ana pakhomo la chipinda. "Wamva zokwanira. Musiye mkaziyo alankhule. Chaka chamawa udzabwere ngati anzako, tidzakuphikira."

Belu linalira. Tebulo latsopano analitembenuza a Nemesio. Lakale a Eustaquia analigwira nthawi yaitali, kenaka analipidigula akulira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Chitseko cha chipinda, chimene anachisiya chotsegula, chinabwerera pang'onopang'ono mpaka kutsekeka.

Kabokosi kanaliza mluzu, kanakhosomola, kanagwira. Dzina la Yovana linali litayaka kale.

"Ababa, pali nkhani imene ndikufuna ndikuuzeni."

A Nemesio anagwira m'mphepete mwa mpando. M'kabokosi simunamveke kanthu.

"Tikumva, mwana wanga," analemba.

Inali nkhani yomweyo. Panali mwamuna, Ademar, wa ku Cliza kufupi ndi Tarata, woyendetsa galimoto ya katundu, ndipo Yovana sankafuna kuvomera apongozi ake asanamve. Noelia dzina la Rocabado sadzalisiya, ndipo pa Khirisimasi Yovana adzabwera naye kuti agogo ake amunyamule. A Eustaquia anafunsa ngati munthuyo amamwa, anafunsa za makolo ake, kenaka anati, "Lembani kuti tavomera." Anacheza mpaka mithunzi inatalika, osaduka ngakhale kamodzi.

Atazimitsa kompyuta, a Nemesio ananyamula lamya ya pabalaza n'kutsinzina. Pa zaka zawo zonse za mawaya anali asanamvepo lamya yolira moyera chonchi. Anamvetsera pansi pake, anadikira, anaikanikiza kukhutu mpaka khutu linawawa.

"Yachira?" anafunsa a Eustaquia ali kukhitchini.

"Yachira," anayankha, koma sanaibwezere pamalo pake msanga.