Makina Ososolera Nkhuku a Bambo Waya

Dzina loti Waya anawapatsa ndi anzawo a kugalaja ya mabasi, kumene anagwira ntchito kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitati mbuu. Ankati palibe chinthu chakufa chimene munthu ameneyu sangachidzutse ndi kawaya ndi pulayasi. Umboni unali kunyumba kwawo komwe: chitseko cha kubafa chinkadzitseka chokha ndi sipuling'i ya mpando wa basi, ndipo ketulo inali ndi chogwirira cha chitseko cha galimoto. Akazi awo ankawaseka kuti, "Ine ndikadzathyoka mwendo, ndidzadzuka ndili ndi bawuti m'bondo." Iwo ankangoti, "Koma mudzayenda, abwana." Abwana ndilo dzina limene ankawaitanira akazi awo chikwatiraneni, ngakhale pagulu.

Atapuma pantchito, kukhala manja lende kunawakanika. Mayiwo anali ndi khola kuseri kwa nyumba, nkhuku zoyera zanyama mbali ina, zofiirira zoikira mazira mbali ina, ndipo ankagulitsa zososola kale kwa anthu a mumsewu mwawo. Kuzinga kwake kunali kwachikale: phazi lina pamapiko, lina pamiyendo, magazi waa pakhonde, kenako kusosola ndi manja mpaka zala kuchita dzanzi. M'mawa wina a Waya anaonerera ali pampando, napukusa mutu.

"Ntchito iyi ikumaliza inuyo m'malo momaliza nkhuku," anatero. "Tandipatsani kangodya kaja ka pafupi ndi mpopi."

Kusitolo sanapiteko kwenikweni. Anatola zigubu za mafuta ophikira, nazidula kumatako, nakuza kukamwa kwake, n'kuzikhomera chozondoka pathabwa. Nkhuku ikalowa chamutu, khosi linkatulukira kunsi, mapiko ali phee, osaphupha. Pansi pake anapinda lata ngati ngalande, yotsetsereka kupita mundowa ya magazi. Mgolo wodula pakati anaukhazika panjerwa kuti ukhale wa madzi otentha, ndipo chitseko cha firiji yakufa chinasanduka tebulo lotumbulirapo, losavuta kutsuka. Chimene ankanyadira kwambiri chinali makina ososolera: mota wa makina ochapira zovala amene anamupeza kwa wogulitsa zitsulo zakale, lamba, ndi mgolo wapulasitiki wobayidwa timabowo, m'mene anasomekamo zala zamphira zodula kutayala lakutha.

Tsiku loyesa, mota anathamanga mopitirira. Nkhuku yoyamba inazungulira kangapo, n'kufwamphuka mumgolomo, kudumpha mpanda, n'kukagwera pakhomo pa telala woyandikana nawo nyumba. Telalayo anabwera nayo ataigwira miyendo.

"Achimwene, nkhuku zouluka ndinaziona, koma youluka itavula ndi iyi," anatero.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Waya anasintha kagudumu ka lamba, makinawo n'kuyamba kuyenda mwaulemu. Ntchito imene inkadya m'mawa wonse inayamba kutha dzuwa lisanawawe, ndipo zala za mayiwo zinapuma.

Chodabwitsa choyamba chimene mayiwo anaona chinali chaching'ono. Anapeza mpeni wozingira mufiriji, pambali pa mkaka. Atawafunsa, a Waya anaseka n'kunena kuti nawonso mpeni umamva kutentha. Tsiku lina anakoleza moto pansi pa mgolo pamene panalibe nkhuku yoti iphedwe, madzi n'kuwira mpaka kuphwera. Anayambanso kufunsa chinthu chimodzimodzi: "Kodi lamba uja ndamukunga?" Akayankhidwa ankagwedeza mutu, kutuluka, kubwerera, n'kufunsanso. Ndipo ankanola mipeni. Ankainola m'mawa, kuinolanso masana, mpaka mpeni waukulu wozingira unayamba kuwonda ngati tsamba la udzu. Mayiwo akakhala kukhitchini ankangomva mwala ukulira kuseriko, kweche, kweche.

Kenako tsiku lina anawapeza ataima pamakina, mota akulira, mumgolo mulibe kanthu. Anali atangoti ndwii, mkono wa malaya ukukupiza pafupi penipeni ndi lamba.

"Bambo, chotsani dzanja pamenepo!"

Anatembenuka pang'onopang'ono. "Kodi chimenechi chimazimitsidwa pati?"

Swichi anaikhoma okha, ndi manja awo, pamtengo umene anautsamira nthawi imeneyo. Mayiwo anaidina. Madzulo anaimbira foni mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali. Iye anati, "Amayi, ndi ukalamba umenewo, musadzidetse nkhawa." Mayiwo atatchula zachipatala kwa a Waya eni akewo, munthu amene chikhalire sanakwezepo mawu anamenya tebulo mpaka kapu inagubuduka. "Wamisala ndani pano?" Mayiwo anatola kapuyo. Kuyambira pamenepo ankaonetsetsa kuti pozinga alipo, ndipo akachoka pakhomo sankachedwa.

Tsiku lina mayiwo anapita kukagula chakudya cha nkhuku. Anawasiya a Waya ali pakhonde akumvetsera wailesi, atadya, atasamba, akuoneka bwinobwino. Kusitolo anapeza mzere wautali, ndipo wanjinga woti anyamule matumba anasowa. Pobwerera dzuwa linali litapendeka.

Ali pamphambano ya msewu wawo anamva kulira kwa mota. Anafulumiza mapazi. Atayandikira anazindikira chimene chinkasowa: pakhomo pawo, pamene tsiku lonse pankakhala phokoso la mathadzi otetera, panali zii. Pansi pa geti pankatuluka madzi ofiirira, akutsata ngalande ya msewu, ndipo pamwamba pake pankayandama nthenga. Mayiwo anawerama natola imodzi. Sinali yoyera. Inali yofiirira, ya nkhuku zoikira mazira.

Anauza wanjinga kuti atsitse matumba panja pomwepo azipita. Analowa okha.

Chingwe choyanikira zovala chinali chitalemedwa mpaka kugunda pansi pakati. Nkhuku zinali zitapachikidwa mondondozana, zososoledwa bwino, zotumbulidwa mwaukhondo, miyendo yomangidwa ndi tiwaya todula mofanana. Ndowa ya magazi inali itasefukira. M'beseni munali mulu wa mazira osakhwima ochokera m'mimba, achikasu, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, ntchentche zili ng'waa. Zitseko zonse za khola zinali pululu. M'chigubu chomalizira munali thadzi limodzi lamoyo, mutu uli lende, diso likuphethira.

A Waya anali atavala ovololo yawo yakale ya kugalaja, imene inakhala m'sutikesi chipumireni pantchito. Inali itanyowa kuyambira pachifuwa mpaka m'maondo. Atamva mapazi anatembenuka, mpeni wowonda uja uli m'manja. Anawayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwaulemu, monga ayang'anira munthu wosochera.

"Takulandirani, mayi. Koma kuno anthu wamba saloledwa. Kapena akutumani ndi a folomani?"

Folomani wa kugalajayo anamwalira kalekale. Kumaliro ake anapitira limodzi, ndipo a Waya ananyamula nawo bokosi. Mayiwo anacheuka. Kumbuyo kwawo geti linali litadzitseka. Anafuna kukuwa kuti telala amve, koma mota anali akulira, ndipo sanadziwe chimene munthu wampeniyo angachite akadzidzimuka.

"Akuti zonse zithe mabasi asananyamuke," anapitiriza a Waya. "Yatsala imodzi. Mukawauze kuti sindinachedwe."

"Ndi iwo andituma," anayankha mayiwo. "Akuti mwagwira ntchito yabwino, muweruke. Zida mupereke kwa ine."

A Waya anakwinya nkhope. Anayamba kuyenda kubwera kumene kunali mayiwo, nsapato zikumata m'matope amagazi, mpeni uli patsogolo. Anaima pafupi kwambiri, fungo la nthenga zonyowa lili guu. Anawayang'anitsitsa m'maso nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akufunafuna dzina. Kenako anautembenuza mpeniwo, naugwira kunsonga, nawapatsa chakuchigwiriro.

"Wakuthwa uwo, mayi. Musamale."

Mayiwo anaulandira, napita kukadina swichi. Bata limene linagwa linali loopsa kuposa phokoso lija. Anasolola thadzi lija m'chigubu, nalisiya pansi, ilo n'kuthawira kunsi kwa njerwa. A Waya anasamba m'manja pampopi, nakhala pansi pakhonde. Patapita kanthawi anadzutsa mutu, naona chingwe chija.

"Abwana! Ndani watiphera nkhuku?"

Anadzambatuka kuti akasake wakubayo mumsewu. Mayiwo anawagwira ovololo, nawakhazika pansi, ndipo pamenepo m'pamene misozi inabwera, ya onse awiri, aliyense akulira chake.

Firiji sikanatha kusunga nyama yonseyo. Telala ndi mkazi wake anathandiza kuigawa m'makomo, osafunsa mafunso. Mwana wamkazi uja anafika ndi mwamuna wake, ndipo ulendo uno a Waya kuchipatala anapita. Dokotala anati ndi matenda oiwala, amene amangopita chitsogolo. Mankhwala angachedwetse, koma sabweza. Anati zakuthwa ndi zamoto zikhale kutali. Mkamwini anamasula mota n'kupita naye, zigubu anazizula pathabwa. Mipeni yonse, ndi wosendera mbatata womwe, inalowa m'kabati, kiyi wake mayiwo n'kumumangirira pachingwe m'khosi. Nkhuku sanagulenso.

A Waya alipobe. Masiku ambiri amakhala bwino: amadya, amaseka ndi telala, amamudziwa aliyense. Mayiwo anayamba kugulitsa tomato pageti kuti asamatalikire pakhomo. Koma masana ena, pakati potumikira wogula, anamva kaphokoso kuchokera kuseri. Anakawapeza atakhala pansi pafupi ndi mpanda, akupala chidutswa cha sowo yodulira zitsulo pasimenti ya khonde. Mbali imodzi inali itayamba kale kung'anima, ndipo kuchigwiriro anali atakulungako nsanza mwaluso. Kudzera pampata wa mpandawo ankayang'ana nkhuku za telala zikupalasa.

"Zakula izo," anatero, osatembenuka. "Mawa tilawirire."

Mayiwo anakhala nawo pansi mpaka a Waya anaiwala chimene ankachita, kenako anatenga chitsulocho n'kukachitsekera m'kabati. Madzulo amenewo anazungulira bwalo lonse ndi thumba, akutola chilichonse chachitsulo: misomali, zivundikiro za zitini, supuni yothyoka. Thumba linadzadza, koma pabwalo la munthu amene moyo wake wonse sanatayepo chitsulo, anadziwa kuti sanatole ngakhale theka.