Chikole Chimene Ndinabweza

Mabuku amene anandizunguza mutu anachokera kwa sinyora, mayi wachipwitikizi wa pa kantina ina ku Vila Coutinho. Nkhondo itayamba kumveka pafupi, mayiyo analongedza katundu kuti abwerere kwawo, ndipo bokosi la mabuku linamulemera. Anandipatsa ine poti atsikana owerenga Chipwitikizi tinali ochepa. Ndinali nditamaliza kwarta kalase, kalasi yachinayi, ku mishoni ya Fonte Boa, n'kumathandiza aphunzitsi kuyang'anira ana aang'ono.

Mabuku onsewo nkhani yake inali imodzi, ankangosintha madiresi. Kalekale kwawo kwa azunguko kuli mtsikana wokongola koma wouma mutu. Amakwera kavalo yekha, amayankha bambo ake, ndipo mwamuna akamufunsira, amamuponyera mphete kumapazi n'kumuuza kuti iye sagulidwa. Mwamunayo amawonda, amawoloka mitsinje yodzaza, amamenyana ndi anzake ndi malupanga, mpaka pa tsamba lomaliza amagwada, mtsikana uja n'kuvomera. Ndinkawerenga pansi pa mpichesi kuseri kwa nyumba mpaka maso kuwawa. Ndinayamba kuyenda chibwano chili m'mwamba, amayi n'kumandichenjeza kuti tsiku lina ndidzagwera m'dzenje la mbatata.

Pa mishoni panali mnyamata wa ku Lifidzi, mmisiri wa matabwa, munthu wosachulutsa mawu. Ndinkamukonda, ndinene poyera. Ndikamva kulira kwa sowo yake podutsa, miyendo inkachepetsa yokha liwiro. Anandifunsira mwaulemu, ndinavomera, ndipo anapereka chikole: mpango wobiriwira ndi mikanda. Kwathu chikole si mphatso wamba. Ukachilandira, anyamata ena amakulambalala. Ukachibweza, nkhani yatha, ndipo chimabwerera kudzera mwa ankhoswe, mwakachetechete, kuti pasakhale wochita manyazi. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti zinthu zinkayenda bwino kwambiri. Palibe anatiletsa, palibe anawonda. Ndinkaona ngati ndapezeka motchipa.

Tsiku lina amalume, amene anali ankhoswe anga, anabwera kudzatiuza kuti akumana ndi akuchimuna ndipo agwirizana kuti ukwati udzachitike tikakolola.

"Nanga ine munandifunsa?" ndinatero.

Amalume anaseka. "Iwe, suja unavomera wekha? Kapena ukufuna ukwatiwe chimanga chili m'munda, alendo adzadye chiyani?"

Mumtima ndinasangalala ndi mwezi umene anasankhawo. Koma ndinaonanso kuti mpata wochita ngati mtsikana wa m'mabuku uja wapezeka.

Lamulungu Misa itatha, anthu akupatsana moni pabwalo la tchalitchi, ndinapita pamene mnyamata uja anaima ndi anzake. Ndinatulutsa mpango ndi mikanda n'kuziponya kumapazi kwake. Mawu ndinali nditawaloweza. Ndinayamba kuwanena m'Chipwitikizi monga analembedwera, koma nditaona kuti ambiri sanamve, ndinabwereza m'Chinyanja, mokweza.

"Ine si mbuzi yoti amuna azikhalirana pansi kukambirana tsiku loikoka."

Iye anawerama, natola mpango uja, naukuntha fumbi, naupinda bwinobwino. Mikanda inali itamwazika, ndipo anaitola umodziumodzi anthu onse akuyang'ana. Atatha anati, "Ndamva, mayi." Anali asananditchulepo choncho. Anakwera njinga yake n'kumapita, ine ndikuganiza kuti ndachita ngati mfumukazi.

Madzulo amalume anabwera, osasekanso. Anakhala pakhonde n'kutuma amayi kuti andiuze ndituluke.

"Mwana iwe, mnyamatayu wakulakwira chiyani?"

Ndinayang'ana kumbali, iwo n'kupitiriza.

"Ngati unangopsa mtima, nena. Mawa ndigwira nkhuku, ndikwera njinga, ndikagwada kwa amalume ake. Manyaziwo ndisenza ine. Koma mawuwo atuluke pakamwa pako."

"Ngati akundifuna, abwere yekha," ndinatero.

"Abwere kudzatani? Wamukana pamaso pa mpingo wonse. Munthu woleredwa bwino akauzidwa kuti ayi, sakakamira."

Amayi anali chilili pakhomo, atagwira pakamwa. Ine ndinkadziuza kuti amalume sadziwa mmene nkhani zotere zimathera. Iwo anadikira ndithu, kenako anatenga chipewa chawo.

Ndinayamba kudikira. Belu la njinga likalira kumsewu, ndinkathamangira kuseri kukakonza tsitsi, koma ankakhala wogula nyemba kapena akatekisi. Podutsa pa mishoni sowo inkalira monga kale. Tsiku lina ndinamuona akutuluka ndi chitseko paphewa, ali wonenepa bwino, akuseka ndi mnzake. Amene ankawonda ndinali ine.

Mudzi sunandisiye. Kuchitsime azimayi ankandilonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, a sinyora?" ena n'kufunsa ngati mbuzi zagona bwino. Ana amene ndinkawayang'anira ku sukulu anapanga sewero: mmodzi ankaponya kansanza pansi n'kufuula Chipwitikizi chabodza, wina n'kumatola timiyala. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandidula mtima n'choti amayi anga, amene moyo wawo wonse ankakhala kutsogolo m'tchalitchi, anasamukira ku benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, kuti azituluka anthu asanayambe moni. Sanandikalipirepo ngakhale kamodzi.

Ndinaganizapo zopita kwa amalume kukawauza kuti agwire nkhuku ija. Ndinafika mpaka pa mpanda wawo, ndinawaona akusema mpini, ndinawapatsa moni n'kunamizira kuti ndabwera kudzabwereka nkhwangwa. Manyazi a zimene ndinachita anandiletsa kukonza zimene ndinachitazo.

Tinakolola, tinatuta, nkhokwe zinadzaza. Lamulungu lina, Misa ili pafupi kutha, apadiri anayamba kulengeza maukwati. Anatchula dzina la mnyamata uja, kenako la mtsikana wa kwawo ku Lifidzi, amene sindinkamudziwa n'komwe. Ndiyeno, monga mwa mwambo, apadiri anafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo, kuti anene.

Mbali yonse ya amayi inatembenuka kuyang'ana ine. Ena ankamwetulira, ena ankaoneka kuti akundimvera chisoni, koma onse ankadikira kuti amve zimene mtsikana wolimba mtima uja anene lero. Iye yekha, kumbali ya abambo, sanacheuke.

Chifukwa ndinali nacho. Ndinkamufuna kuposa kale, ndipo ndinkadziwa kuti sindinamuuzepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Koma chimenecho si chifukwa choletsera ukwati wa munthu. Ndinaweramitsa mutu n'kumayang'ana zala zanga zakumapazi, mpaka apadiri anapitirira ku chilengezo cha ubatizo wa ana.