Tsiku Limene Ndinakana Amayi M'basi

Lachiwiri, mwezi wa Okutobala

Ndadzuka ndi manyazi. Mawa kusukulu kuli msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo dzulo amayi anandifunsa akusita zovala: "Ndivale chitenje chobiriwira chija kapena suti? Sindikufuna kukuchititsa manyazi." Ndinangotuluka m'chipindamo.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka naini, tisanasamukire kuno ku tauni ya Lucan. Tinkakhala m'kamudzi ka alimi kumtunda kwa tauni ya Skerries, konkuno kudziko la azungu. Kunali tchalitchi, shopu imodzi, kwinako minda ya mbatatesi yokhayokha. Nthawi yokolola msewu unkadzaza matope a mathirakitala, mphepo n'kumanunkha dothi lonyowa.

Tsiku lina tikuchokera kusukulu, basi inaima kuti thirakitala idutse. Tinaima pafupi ndi munda wa a Seamus, agogo ake a Aoife, mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi. M'mundamo munali amayi atawerama, chitenje chobiriwira pamwamba pa jekete, akutola mbatatesi zotsala. Kwathu ku Dedza mwini munda akatha kukolola, anthu amakunkha osapempha. Amayi ankayesa kuti kunonso ndi choncho.

Ana anaunjikana pawindo. Wina anati ndi wakuba. Aoife ananditembenukira.

"Tadala, si mayi ako amenewo?"

"Sindikuwadziwa," ndinatero, maso ali pansapato.

Dzuwa lisanalowe a Seamus anagogoda kwathu, thumba la mbatatesi lili paphewa. Amayi anayamba kupepesa koma iwo anawadula.

"Zotsalazo zimangowola, mayi, muzitola. Kungoti kuno timayamba tapempha, ndipo geti muzitseka, ng'ombe zingalowe." Anatula thumba akuseka. "Ndavutika kukupezani. Aoife akuti m'basi monse munalibe wokudziwani."

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Tadala, thokoza agogo," anatero.

Mbatatesizo amayi anazikazinga bwino, koma ine ndinazisiya m'mbale. Sanandikalipire. Mpaka lero nkhaniyi sanaitchulepo.

Amayi analakwitsa mwambo wa eni dziko, ndipo anakonza. Chaka chotsatira anapempha, anatseka geti, a Seamus n'kuwapatsa kamzere kakumapeto kwa munda kuti adzale mpiru. Cholakwa changa ndiye chikadalipo. Zaka seveni zapita, amayi akufunsabe mwana wawo chilolezo chovala chitenje chawo.

Mawa ndidzuka msanga ndichisite ndekha. Ndikawadikira pageti la sukulu, pomwe anzanga onse amaima, ndipo wina asanafunse ndidzanena kuti awa ndi amayi anga.