Kalata ya Chidindo ya a Luhanga

Ine ndine namwino. Kwathu ndi ku Dedza, ku Rumphi kuno inandibweretsa ndi ntchito. Anandiponya pa kachipatala ka mpingo, kupitirira Bolero, m'mbali mwa msewu wafumbi wolowera ku Nyika. Munthu woyamba kundilandira pa depoti anali a Bizwick Luhanga, dalaivala wa chipatalacho. Anandilanda sutikesi n'kundilonjera m'Chitumbuka kuti, "Mwafika makora, asisita? Yewo chomene." Ndikulemba za iwo lero mkwiyo usanandithere.

A Luhanga anali munthu wamfupi, wadazi, wosakonda zolankhulalankhula. Anabadwira m'banja la anthu ophunzira: akulu awo awiri anali aphunzitsi, mng'ono wawo kalaliki. Iwo okha ndi amene analekezera Sitandade 4, chifukwa bambo awo atamwalira panafunika wina woti aziweta ng'ombe zimene zinkalipirira enawo fizi. Amene simunakhaleko kuno simungamvetse. Kuno munthu akhoza kuyenda wopanda nsapato osachita manyazi, bola Chingerezi chili m'kamwa. A Luhanga Baibulo la Chitumbuka ankawerenga bwinobwino, zikwangwani za pamsewu ankazidziwa zonse, koma Chingerezi cholemba chinkawadutsa. Anabisa zimenezi moyo wawo wonse, ngakhale kwa ana awo. Loweruka lililonse ankagula nyuzipepala ya Chingerezi n'kumayenda nayo m'khwapa.

Chimene ankanyadira chinali chimodzi. Kuyambira 1996 anayendetsa odwala pa pikapu yakale ya chipatala, mvula ndi dzuwa, osagundapo ngakhale nkhuku. Ankakonda kunena kuti, "Ine satifiketi yanga ndi dzina langa." Tinkaseka, koma iwo sankanena zoseka.

Mu 2013 pikapu ija inatheratu, ndipo komiti ya chipatala inaitanitsa kaminibasi ka anthu asanu ndi awiri kuchokera ku Japan, kodzera ku Dar es Salaam. Kanafika kakunyezimira, amayi a mpingo anakaimbira nyimbo, abusa anakapempherera. A Luhanga sanaimbe nawo. Anagona chagada n'kulowa pansi pake, atatuluka anapukusa mutu. Kagalimoto kameneko anakapangira misewu ya tala, koti mayi aziperekera ana kusukulu, osati mabampu athu ano amene amagwedeza munthu mpaka mano kuwawa.

Injini ya galimoto sikhala pachitsulo chokhachokha. Imatsamira pa timitsamiro ta labala wokhuthala womatidwa pachitsulo, timene amakaniko amati mauntingi. Akaduka, injini imayamba kuvina m'malo mwake. Ukalowetsa giya umamva kuti gu! pansi pa mapazi, chiwongolero n'kumanjenjemera ngati munthu wa malungo. Ine zonsezi anandiphunzitsa ndi a Luhanga, chifukwa ndinkakhala nawo m'galimotomo nthawi zambiri ndikamaperekeza odwala ku chipatala chachikulu cha paboma.

Mauntingi amene anabwera ndi galimotoyo anaduka patangotha miyezi isanu. Manasseh, makaniko wa paboma, ananena mosabisa: enieni ali ku Mzuzu, 40,000 kwacha, ndipo atha kupirira zaka. Aliponso ena a 8,000 kwacha, ooneka chimodzimodzi, m'kabokosi kokongola kuposa ka enieniwo. A Luhanga anapita nawo uthengawo kukomiti.

Tsopano ndikuuzeni za komitiyo. Wapampando anali a Gordon Harawa, ahedi opuma pantchito, munthu womanga taye ngakhale mu Okutobala. Enawo analinso aphunzitsi opuma ndi akuluakulu a mpingo, anthu abwinobwino, osaba, osaledzera. Anali ndi lamulo limodzi limene ankalilemekeza ngati linatsika ndi Mose paphiri: pogula kanthu pabwere makotesheni atatu, ndipo wotchipa ndiye wapambana. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ine ndinaona mitu isanu ndi iwiri ikulephera kusenza kalabala kokwana m'dzanja.

Komiti itagula otchipawo, a Luhanga anawatembenuza, kuwakanda ndi chikhadabo, n'kuwanunkhiza.

"Adada, labala uyu ngwouma chomene," anatero kwa a Harawa. "Awa Khirisimasi safika yayi."

A Harawa anamwetulira monga amamwetulira mphunzitsi kwa mwana wolakwa samu. "A Luhanga, inu gawo lanu ndi chiwongolero. Za mapepala tisiyireni ife."

Galu wamkota sakandira pachabe. Khirisimasi sanafikedi. Ndipo mauntingi akamaduka sapita okha. Ulendo woyamba injini inakoka paipi ya madzi mpaka kung'ambika. Wachiwiri inathyola ekizozi. Wachitatu inapweteka shafti ya kutsogolo, galimoto n'kukhala milungu itatu kwa Manasseh odwala akuyenda pangolo. Ndalama zimene zinathera pa zokonzakonza zimenezi zikanagula mauntingi enieni kangapo konse, mwana wa Sitandade 4 yemweyo akanawerengera. Koma ulendo uliwonse komiti inkakhala pansi, kutsegula ndi pemphero, kuyala makotesheni atatu, n'kusankha wotchipa. Kenako anayamba kunong'onezana kuti mwina vuto ndi kayendetsedwe. Mauntingi aliwonse oduka a Luhanga ankawatola n'kuwaponya m'thumba la feteleza kuseri kwa nyumba yawo.

Tsiku limene linawadyera ntchito ndi tsiku lomwe anagwira ntchito yabwino kuposa masiku onse. Munali mu Febuluwale 2015, mvula itagwa usiku wonse. Cha m'ma 11 koloko m'mawa anabwera naye mtsikana wina dzina lake Kezia, mimba yoyamba, mwana atapingasa. Ife pathu pano opaleshoni sitichita. Tinamugoneka kumbuyo, ine pambali pake, a Luhanga n'kuliza galimoto. Mauntingi anali atsopano, a milungu itatu, otchipa omwe aja. Titangodutsa Bolero ndinamva gu! kenako gugugu, galimoto yonse ikunjenjemera. Kezia anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

A Luhanga anaimitsa galimoto. Anatulutsa jeke, chidutswa cha tayala lakale chimene ankayenda nacho, waya ndi mpeni. Anagona m'matope momwemo ndi yunifolomu yawo, anakweza injini, anachotsa zidutswa za labala wophwanyikayo, anapinda tayala lija n'kulilowetsa pamalopo, n'kumanga ndi waya. Sizinapitirire mphindi makumi awiri. Analowa m'galimoto matope ali thupi lonse, nati, "Muuzeni mwanayo alimbe mtima, tifika." Tinafikadi, pang'onopang'ono. Kezia anachira, mwana wamkazi, wamoyo.

Patapita masiku awiri a Harawa anabwera kudzaona galimoto. Pa zaka zonsezo aka kanali koyamba kuti awerame n'kusuzumira pansi pake, ndipo anayamba ayala mpango kuti thalauza lisade. Anaona tayala ndi waya. Anadzuka, anatsegula fayelo, n'kutulutsa lisiti.

"Apa palembedwa kuti tinagula mauntingi atsopano milungu itatu yapitayo," anatero. "Ali kuti?"

"Anaphwanyika, adada. Zidutswa zake ndili nazo."

"Chinthu chatsopano sichiphwanyika m'milungu itatu."

Ine ndinali pomwepo ndipo ndinalowerera. Ndinafotokoza za Kezia, za matope, zonse. A Harawa anandithokoza mwaulemu kwambiri n'kundikumbutsa kuti kuwodi kuli odwala.

Ku msonkhano wa komiti sanandiitane, namwino wamba, wobwera. A Luhanga anapita atavala jekete, atasenza thumba lawo la feteleza. Anandiuza pambuyo pake kuti thumbalo anawauza kuti alisiye panja chifukwa silinali pa ajenda. Akuluakuluwo anakambirana ola lathunthu m'Chingerezi, mwini nkhani ali pampando pomwepo akugwedeza mutu ngati akumva. Pomaliza a Harawa anatembenukira ku Chitumbuka, ndi mawu ofewa: mwagwira ntchito nthawi yaitali, pitani mukapume. Panabwera tiyi ndi masikono. Anapemphera. Anawapatsa kalata ya chidindo chofiirira n'kuwagwira chanza mmodzimmodzi. Amuna asanu ndi awiri, akuluakulu a mpingo, panalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kumuuza munthu pamaso m'chilankhulo chake zimene anamulembera.

A Luhanga anatuluka akuganiza kuti apumitsidwa mwaulemu ndipo m'manja mwawo muli kalata ya umboni. Inenso ndinamva choncho. Ndinakwiya kuti awachotsa, koma ndinati bola achoka ndi dzina lawo. Sindinapemphe kuiona kalatayo, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Anaikutira m'pulasitiki kuti isanyowe. Anali ndi zaka 54, mphamvu zilipo, maso akuona. Atamva kuti ku Chelinda, malo ogona alendo ku Nyika, akufuna dalaivala wonyamula alendowo, anakwera lole n'kupita nayo. Bwana wa kumeneko anaiwerenga, anawayang'ana, nati adzawaimbira foni. Anapita nayo ku bungwe lina ku Mzuzu, kumenekonso anati adzawaimbira. Anapita nayo ku sukulu ina imene inali itagula basi. Miyezi isanu ndi itatu akuyenda nayo, foni osalira. Ana awo akati, "Adada, tione kalatayo," ankati anawerenga kale, ndi yabwino, asaidetse.

Nthawi yonseyi kaminibasi kaja kanali ndi dalaivala watsopano, wa satifiketi ya Fomu 4. Komiti inagulanso otchipa. Patatha miyezi itatu injini inapendekeka pa mlatho wa Njakwa n'kuswa zambiri, moti mtengo wokonzera Manasseh atautchula komiti inangoti kukamwa yasa. Mpaka pano kaminibasiko kali pamiyala kuseri kwa wodi ya amayi. Mu maminitsi a msonkhano wa komiti analemba kuti galimoto inawonongedwa ndi dalaivala wakale.

Tsiku lina Lachitatu, la sikelo ya ana, ndinaona a Luhanga atakhala pabenchi kumapeto. Anadikira mpaka mayi womaliza atabereka mwana wake n'kumapita. Analowa, anavula chipewa, n'kutulutsa pulasitiki ija.

"Asisita, magalasi ndaiwala kunyumba. Tandiwerengerani."

A Luhanga sanavalepo magalasi. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana pansi.

"Inu ndinu akutali," anatero motsitsa mawu. "Simukandiseka kutchalitchi. Ine Chizungu ichi sindichiona yayi. Ndikudabwa kuti aliyense akawerenga nkhope imasintha."

Ndinaitambasula. Inali ya mizere isanu ndi umodzi. Inkati a Bizwick Luhanga achotsedwa ntchito chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala, komanso chifukwa chochotsa zipangizo zatsopano m'galimoto ya chipatala n'kuikamo zinyalala. Mzere womaliza unkati komiti singawavomereze kwa wina aliyense wofuna kuwalemba ntchito. Pansi pake siginecha ya a Harawa yokhotakhota bwino, ndi chidindo.

Ndinafuna kunama. Mulungu ndi mboni, bodza linafika pamlomo. Koma anthu anali atawanamiza mokwanira, ndiye ndinawamasulira liwu ndi liwu.

Anayang'anitsitsa chidindo chija. Kenako anati, "Bwerezani." Ndinabwereza.

"Za mwana wa Kezia mulibe?"

"Mulibe, adada."

"Zaka naintini zija?"

"Mulibe."

Anapukuta dazi lawo ndi chipewa. "Ndiye kuti ku Chelinda kuja ndinakwera lole, fumbi lonse lija, kukadzinenera ndekha kuti ndine wakuba. Ndinapereka ndi manja awiri, asisita. Ndinagwada pang'ono popereka."

Ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulemba kalata ina pomwepo, m'Chingerezi chonse chimene ndinali nacho. Ndinalemba zaka zawo, ndinalemba za Kezia, za makotesheni, za thumba la feteleza. Ndinawawerengera m'Chichewa, iwo akugwedeza mutu. Anailandira, anaitembenuza, anayang'ana pansi pake.

"Yewo chomene. Koma ilibe chidindo."

Chidindo chinkakhala m'kabati ya a Harawa. Ndinapita konko masana omwewo ndi yunifolomu yanga, ndipo zimene ndinalankhula pakhonde pawo sindingazilembe zonse pano. Ndinawafunsa ngati anaphunzira Chingerezi kuti azibayira nacho anthu kumbuyo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamimba. Kenako anati dandaulo langa ndi lomveka, ndililembe bwinobwino, komiti idzaliona pa msonkhano wa mu Janyuwale ngati lidzalowe pa ajenda. Ndinalemba. Silinalowe.

A Luhanga sanapitenso kulikonse kukafuna ntchito. Anabwerera kumudzi, ndipo pano akuweta ng'ombe za akulu awo aja, ntchito yomwe anayamba nayo ali mwana. Loweruka lina ndinakumana nawo pamsika wa Bolero. Anandipatsa moni mwaulemu monga kale, anafunsa za odwala, anafunsa ngati mwana wa Kezia wayamba kuyenda. Ndinawayang'ana akupita mpaka anakhota pa chigayo. M'khwapa munalibe nyuzipepala.